Funsani Azakhali: Ndiphikire Bwanji Alendo 40?

FUNSO: Azakhali, mwana wathu woyamba watsiriza maphunziro ake ku yunivesite ya UNZA. Bambo ake aitana abale awo a ku Katete ndi anzathu a kutchalitchi kuti adzadye nafe Loweruka madzulo, ndipo nditawerenga akwana 40. Sitovu yanga ndi ya mapuleti awiri, magetsi sadalirika, apongozi anga aakazi nawonso akubwera. Sindinaphikirepo anthu opitirira 10. Ndiyambire pati?
Mayi wa ku Chilenje

YANKHO: Mwana wanga, choyamba ndikuyamikireni, kulera mwana mpaka kuvala gauni si ntchito yamasewera. Tsopano sitovuyo iwalani. Bwerekani mbaula zitatu kwa aneba, gulani thumba la makala, ndipo muphikire panja, chifukwa mpweya wa makala m'nyumba yotseka umapha.

Chimene chidzakukwezeni kapena kukugwetsani tsiku limenelo ndi nsima. Ndiwo ikachepa mchere anthu amakhululuka, koma nsima ya mibulu kapena yosapsa apongozi adzainyamula pakamwa mpaka ku Katete. Ine zinandionekera ndili mtsikana ku Matero, pamene ndinafuna kuphikira anthu 60 mu m'phika umodzi waukulu. Pamwamba inkaoneka bwino, koma titaomola, pakati panali ufa wauwisi, ndipo manja anga anali atalema kale moti mthiko sunkatembenuka. Ndinalira kuseri kwa nyumba. Chichokereni tsiku limenelo ndimagawa miphika iwiri kapena itatu, uliwonse ndi munthu wake wovundula ndi wina womugwirira m'phika kuti usagwedezeke pa mbaula.

Ine ndimawerengera kilo imodzi ya ufa pa anthu anayi, ndiye makilo 10 akukwanirani. Thumba la makilo 25 la ufa wa breakfast litsala lambiri. Phala lisiyeni libwate mphindi zosachepera 20, lovundikira, musanayambe kuthira ufa pang'onopang'ono. Apa m'pamene ambiri amapupuluma. Nsima iphikidwe pomaliza penipeni, alendo atakhala kale pansi. Poomola, viikani chipande m'madzi nthawi iliyonse kuti mitanda ituluke yosalala, muike m'mbale zovundikira.

Zina zonse zichitike kale. Lachisanu m'mamawa pitani ku Soweto Market, kumene tomato ndi anyezi za mulu waukulu zimatsika mtengo, mutenge mnyamata wokunyamulirani. Nkhuku zakumudzi zisanu ndi nyama ya ng'ombe makilo 5 zikwana. Nyemba za Kabulangeti makilo awiri muziviike usiku, muzitereke mbandakucha. Nkhuku yakumudzi imachedwa kufewa, ipatseni maola awiri pamoto wodekha. Popeza firiji simungaidalire, nkhukuzo zisungeni zamoyo, muziphe Loweruka m'mawa, nyamanso mugule tsiku lomwelo. Masamba okha, chibwabwa chotendera ndi nsinjiro ndi repu, ndiwo adikire madzulo kuti asade. Mpunga wa ku Mongu makilo atatu usasowe, ana ndi achinyamata ena nsima usiku saifuna.

Musaphike nokha. Itanani azilamu anu ndi amayi awiri a m'chigawo chanu cha kutchalitchi, aliyense adziwe m'phika wake. Apongozi anu musawaike pampando ngati mlendo wachilendo. Akafika, gwadani muwapatse moni, kenako muwapemphe kuti, "Amayi, tabwerani mulaweko mchere." Mawu amenewo amafewetsa mtima kuposa chitenje chatsopano. Ngati akubwera masiku angapo tsikulo lisanafike, apempheni abweretse chimera akuphikireni thobwa, anthu akumudzi adzasangalala nalo kuposa zakumwa za m'mabotolo.

Pa zosamba m'manja ndikhala wouma mtima. Chizolowezi choti anthu onse asambe m'beseni limodzi chithe. Tonse tikukumbukira kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene bwalo la masewera la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka chipatala. Mtsikana mmodzi ayende ndi jagi ya madzi ofunda, sopo ndi beseni lolandirira madzi akuda, ayambire kwa akuluakulu. Madzi akumwa muwawiritse kapena muthiremo klorini, ndipo mutungiretu m'migomo Lachisanu.

Akuluakulu akhale m'nyumba muwaperekere chakudya patebulo, nthutumba ya nkhuku ipite m'mbale ya wamkulu wa kuchimuna. Ena onse akhale panja, ndipo pamiphika ya nyama paime munthu wogawa. Mukalola aliyense kudzitengera, anthu 15 oyamba amaliza nkhuku zonse, omalizira n'kupeza msuzi wokha. Konzekeraninso anthu ena asanu amene simunawaitane, kuno kwathu mlendo amabwera ndi mnzake. Ndipo musanayambe kugawa, patulani mbale za amayi amene akuthandizani kuphika, muzivundikire, muziike m'chipinda.