Za mapointi 33 aja, asuweni

Eee, asuweni, funso lanu ndalimva. Mwati kodi ana a ku CDSS, masekondale oyendera a m'madera aja, amakhoza MSCE, mayeso a Folomu 4, ngati anzawo a ku sukulu zogonera konko? Hmm. Inuyo ndimakudziwani, mumafunsira nkhuku ya eni pamene ya chitopa ili m'khola mwanu. Nkhani apa ndi mtsikana wathu uja ndi mapointi ake 33, komanso dimba lija mukufuna kugulitsa kuti apite ku pulayiveti. Ndanama?

Dikirani kaye. 33 payokha sinena kanthu. Mapointi amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, Chingerezi chili momwemo. 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 wagwa. Ndiye wina apeza 5, 5, 5, 6, 6, 6, ndi 33 imeneyo, makirediti onse, atha kufunsira malo a ku yunivesite ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Wina 3, 4, 5, 6, 7, 8, ndi 33 yomweyo, koma makirediti anayi okha. Ameneyu za yunivesite ya boma zayamba zaima, makamaka 7 uja akakhala wa Chingerezi.

Mukuwakumbukira amalume, nthawi ija a njinga ya Humber? Iwo aja anali mphunzitsi wa pulayimale. Ma DEC, malo akale aja a maphunziro a patali, atasanduka ma CDSS mu 1998, anangowauza kuti kaphunzitseni sayansi Folomu 3 ndi 4. Ayi, ndalakwitsa, anayamba ndi masamu, sayansi anaitenga mnzawo atasamuka. Ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi anapita pambuyo pake. Sukulu yopanda labu, buku limodzi ana khumi. Buleti, chipangizo chija choyezera asidi, ankachita kujambula pabolodi ndi choko! Ana nkumakachiona koyamba tsiku la pulakitiko, manja ali njenjenje, osadziwa kuti kampopi kake katsegulidwa bwanji. Ndiye amalume Loweruka lililonse ankapalasa kukabwereka zipangizo ku sukulu ya mishoni ija, atazikulunga m'chitenje cha azakhali mu katoni, msewu wonse akuyenda ngati anyamula mazira. Azakhali mpaka lero chitenje chija amachitchulabe, eti. Lolemba m'mawa azibweze. Ana amene ankabwera Loweruka, pulakitiko sinkawavutanso. Amene sankabwera ambiri anali atsikana, chifukwa Loweruka ndi la kuchigayo ndi kuchapa.

Eya, ndiye apa ndi pamene ndikubwera. Ana a ku sukulu ngati Dedza Government kapena Lilongwe Girls anasankhidwa kale pa mayeso a Sitandade 8, amadya katatu, madzulo ali ndi pulepu, nthawi yowerenga ija, pansi pa magetsi. Wathuyu amadzuka 4 koloko, atunge madzi, ayende ola ndi theka, abwerere dzuwa litapendeka, aphike, kenako awerenge ndi tochi ya foni yanu, inu mukuifunanso. Mutu wake ulibe vuto, chimene chamusowa ndi nthawi ndi zipangizo. Dimba musagulitse.

Jambulani silipi yake ya zotsatira za mayeso muike muno tione phunziro lililonse. Ngati pavuta pa Chingerezi, azilemba kompozishoni imodzi ndi samale imodzi sabata iliyonse, mphunzitsi azichonga. Ngati ndi Biology kapena Chemistry, abwereze Folomu 4 pa open, makalasi a ana osasankhidwa aja, pa sukulu imene ili ndi labu, mukaone nokha kuti ana a open amalowamo. Mapepala akale a MANEB a zaka zisanu, aziyankha wotchi ili patsogolo pake. Kanyale ka sola kamodzi, kake yekha. Ndipo kuyambira 6 mpaka 8 madzulo asagwire mthiko, anyamata anu awiri aja manja ali nawo.

Ndiye ndati mwanayo si wofooka, asuweni, ndi maola amene akumuchepera. Dimba lisiyeni, mwamva? Tumizani silipiyo usiku uno, mbali zonse ziwiri, pamalo powala, osati zithunzi zanu zija za mdima.