Funsani Makaniko: Prado yakale ya petulo, ndigule kapena ndiisiye?

FUNSO: Akulu, pali munthu akugulitsa Toyota Prado ya 1998, ya petulo V6, otomatiki, yayenda makilomita 240,000. Ine ndimalima kwathu ku Ntchisi ndipo dzinja likafika msewu wa kumunda umangokhala phala lokhalokha, koma anzanga akundiopseza kuti imeneyi imamwa mafuta ngati chidakwa. Ndigule?
Wowerenga wa ku Ntchisi

YANKHO: Achimwene, anzanuwo sakunama. Imeneyo ndi Prado 95, zija anapanga kuyambira 1996 mpaka 2002, injini yake ndi 5VZ-FE ya malita 3.4, masilinda 6. Zomwe ndaziona ine, m'tauni lita imodzi imakupatsani makilomita 6 kapena 7 basi, thanki yake ndi malita 90, ndiye ganizirani nokha tsiku loti mwagona pamzere pa filling station. Ilipo ina ya injini ya malita 2.7, 3RZ-FE, koma musaganize kuti mupulumutsa zambiri, thupi ndi lolemera lomwelo ndipo pachitunda imachita kulira.

Koma kulimba kokha ayi ndithu, injini imeneyi ndimaipatsa ulemu, 240,000 si nkhani ngati oyilo ankasintha bwino. Funsani kuti timing belt, lamba woyendetsa mavalavu a injini, anasintha liti, kawirikawiri pamakhala kasitika pachivundikiro cha kutsogolo kwa injini, ngati palibe sinthani mukangogula limodzi ndi water pump.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri pa galimoto zimenezi ndi ma ball joint a mmunsi akutsogolo, mfundo zachitsulo zolumikiza tayala ku galimoto. Akatha sachenjeza kwenikweni, mwina chiwongolero chimangolimba pang'ono kapena kumveka ka gu gu pa mabampu, kenako tsiku lina limazuka, tayala n'kupindikira pansi galimoto n'kugwada pamsewu muli ndi ana kumbuyo. Chonde musadikire, ikani atsopano, enieni a Toyota osati otchipa aja. Sololaninso dipstick ya giyabokosi, kachitsulo koyezera oyilo, muone oyiloyo, akhale ofiira bwino. Akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti radiator yaboola mkati madzi alowa mu giyabokosi, imeneyo musagule olo akutsitsireni bwanji.

Za matope musadandaule. Mataya onse 4 amakoka nthawi zonse, kandodo kakang'ono ka pafupi ndi ndodo ya giya kakhale pa H mukamayenda pa tala. Mukafika poterera kankhirani pa HL, ndiye kuti mwakhoma diff yapakati, yogawa mphamvu ku mataya, kutsogolo ndi kumbuyo zikukoka mofanana. LL ndi ya pamene zavuta, chitunda cha miyala kapena mwatitimira, koma imani kaye ndipo giya ikhale pa N musanalowetse. Mukangobwerera pa tala bwezerani pa H, mukaiwala mumva galimoto ikukanika kukhota mataya akukwekwesa, kumeneko ndi kuononga.

Ngati ndi ya kumunda ndi maulendo apo ndi apo, ine ndikuti gulani, koma mupite ndi makaniko wanu alowe pansi aone chasisi ngati dzimbiri silinadye.