Fumbi lakuda la pa marimu ndi chitsulo, musalikweche ndi waya

Bambo wina wa ku Chilomoni watitumizira imelo: "Ndili ndi Toyota Axio ya marimu a aluminiyamu. Ndikatsukitsa Loweruka, pofika Lachitatu akutsogolo amakhala atada bii pomwe akumbuyo ali bwinobwino. Pano pabweranso timadontho tofiira tosachoka ngakhale ndi safu. Nditani?"

Achimwene, limenelo si fumbi la mumsewu ayi. Mukaponda buleki, mapadi amapana disiki ndipo zonse ziwiri zimadyeka pang'onopang'ono. Disikiyo ndi yachitsulo, choncho ufa wotulukawo ndi tizitsulo tosakanikirana ndi zinyenyeswa za padi. Timathothoka tili totentha n'kukakamira mu vanishi wa pa rimu, ndipo tikanyowa timachita dzimbiri. Ndito timadontho mukutionato. Akutsogolo amada msanga chifukwa mabuleki akutsogolo ndi amene amagwira ntchito yaikulu poimitsa galimoto, komanso kumbuyo kwa Axio kuli mabuleki a drum, otsekedwa ngati mphika, amene amasunga fumbi lawo mkati.

Safuyo musiyeni. Ndi waukali, amachotsa polishi yense n'kusiya rimu ili mbuu. Choipitsitsa ndi waya wokwechera mapoto kapena mchenga, zimene otsuka magalimoto ena amathamangira akaona kuti dothi lakana. Tsiku limenelo rimu imawala ndithu, koma vanishi wakandika, ndipo fumbi lotsatira limalowa m'mikwingwirimamo. Madzi akalowa pansi pa vanishi, aluminiyamu amatulutsa zoyerayera ngati chikanga, apo mankhwala ake n'kupentanso basi.

Tsukani marimu atazizira, pamthunzi. Yambani ndi madzi okhaokha kuti mchenga utsike. Kenako thirani shampu wa galimoto mu ndowa, monga mwalembedwera pa botolo, n'kupaka ndi chinkhupule kapena burashi yofewa. Mozungulira manati ndi pa valavu gwiritsani mswachi wakale. Chinkhupule chimenechi chikhale cha marimu okha, chikapita pa bodi chikakanda penti.

Pa timadontho tofiirato pakufunika mankhwala otchedwa iron remover, amapezeka m'mashopu a zotsukira magalimoto. Fungo lake ngati mazira owola, koma amagwira ntchito. Poperani pa rimu youma, dikirani mphindi 3 mpaka 5. Mudzaona akusanduka apepo n'kumayenderera, ndiye kuti akusungunula chitsulo. Pitanimo ndi burashi, tsukuluzani ndi madzi ambiri asanaume. Ngati dothi lakhalitsa, bwerezani kawiri. Mankhwala a asidi apeweni, amadya manati ndi malo alionse amene vanishi anasupuka, komanso amaotcha khungu.

Ambiri amaiwala mkati mwa rimu, kumene kumaunjikana fumbi lochuluka. Kamodzi pa miyezi ingapo ikani jeke, chotsani tayala, tsukani mkatimo. Musapemerere ndi mpweya wa kompuresa, fumbi limeneli si lopumira. Pobwezera, mangani manati modumphitsa, pa mphamvu yomangira ya 103 Nm ngati muli ndi sipanala yoyezera. Rimu ikauma ipakeni wax, kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, kuti fumbi lizingokhala pamwamba. Wax ameneyu asakhudze disiki kapena mapadi.

Kuti fumbi lichepe, yang'anani mtundu wa mapadi. A semi-metallic amatulutsa fumbi lambiri lakuda. A ceramic amatulutsa lochepa, lotuwira, losakakamira kwambiri, kungoti ndi okwererapo mtengo. Pa galimoto yaing'ono ya mutauni ndi abwino. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kayendetsedwe nakonso: potsetsereka kupita ku Chikwawa, musagoneke phazi pa buleki njira yonse. Tsitsani giya, pa otomatiki ikani pa S, B kapena L malinga ndi zimene zalembedwa pa giya yanu, injini izithandiza kugwira galimoto.

Chinthu chimodzi muonetsetse. Ngati rimu imodzi yakutsogolo ikuda kuposa inzake, vuto si sopo. Mukayenda makilomita angapo, yandikizani dzanja pa marimu onse awiri osakhudza disiki. Imodzi ikakhala yotentha kwambiri, kalipa, imene imapanitsa mapadi pa disiki, ikukakamira osamasula, mwina mapini ake auma kapena pisitoni sikubwerera. Makaniko atsegule, apukute mapiniwo n'kupaka girisi wa mabuleki, osati girisi wamba amene amafufumitsa timalabala take.