Mafunso Anu: Kodi tiyi amadyedwa?

*Zikomo ankolo a tsamba lino. Ine ndimagwira ntchito ya ulonda pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndipo usiku umatalika makamaka nyengo ino ya chiperoni, nde abwana ena anandipatsa mulu wa manyuzi akale a ku UK kuti ndizikolezera mbaula koma ine ndinayamba kudzaza ma crossword a kumbuyo kwake, masewera odzaza mawu m'mabokosi aja. Wamba aja ndimayesako ndithu, Fomu 4 ndinafika, koma pali ena olembedwa kuti cryptic amenewo andizunguza mutu. Pali funso lakuti "Consume brewed tea (3)", ine ndinalemba SIP poti tiyi wotentha timamwa pang'onopang'ono, koma nyuzi ya tsiku lotsatira ikuti yankho ndi EAT. Tiyi amadyedwa kuti ankolo?*
Mlonda, Bvumbwe

Achimwene, tiyi sadyedwa, ngakhale ku London komweko. Mwagwa m'mbuna yomwe wolembayo anakumba dala, ndipo musadandaule tonse tinagweramo. Vuto ndi loti mwawerenga funsolo ngati chiganizo, pomwe ndi chilape. Kumbukani madzulo aja kumudzi wina akati "nyumba ya amayi yopanda khomo", palibe amene ankadzuka kukazungulira nyumba kufuna khomo, tonse tinkadziwa kuti nyumbayo ndi chophimba chabe, nkhani ndi dzira. Cryptic nayo ndi choncho, kungoti dzira lake limabisika mu zilembo.

Funso lililonse lili ndi mbali ziwiri zomatidwa pamodzi mosaoneka msoko. Mbali ina ndi tanthauzo lenileni la yankho, ndipo pafupifupi nthawi zonse limakhala kumayambiriro kapena kumapeto, osati pakati. Mbali inayo ndi malangizo a momwe mupangire liwulo ndi zilembo, ndipo nambala ya kumapeto, ngati (3) wanuyo, ikunena kuchuluka kwa zilembo za yankho. Nde tiyeni tiling'ambe lanulo. Consume ndiye tanthauzo, kudya. Tea si chakumwa apa, ndi zilembo zitatu basi, T, E, A. Brewed ndi liwu lokuuzani kuti takasani zilembozo ngati mukutakasa shuga m'kapu, zituluka EAT. Muona kuti ATE nayo ikutuluka mu zilembo zomwezo, koma wolembayo anati consume osati consumed, nde ATE yagwa. SIP yanu ija inali yanzeru koma ilibe umboni, mu cryptic yankho limayenera kukwanira mbali zonse ziwiri, mukalipeza simufunsanso munthu.

Kutakasa zilemboku Azungu amati anagram, ndipo mukaona mawu ngati broken, drunk, mixed, mad, cooked atayima pafupi ndi liwu lomwe zilembo zake zikufanana ndi nambala ili kumapetoyo, yambani kukayikira. Mu Chichewa zimathekanso bwinobwino, ine ndimapanga zanga ndikakhala mu minibasi ya Limbe mpaka Muloza, njira ija ndi yaitali. Onani iyi: "Galu wapenga, lipira utenge (4)". Mutu wanu ukuona kale galu wachiwewe ndi munthu akumugulitsa, iwalani zimenezo. Wapenga ndi chizindikiro choti zilembo za GALU zabalalika, lipira utenge ndi tanthauzo, yankho GULA. Inanso: "Mbale yasweka, ika pa pepala (5)". MBALE ikasweka zidutswa zake ndi L, E, M, B, A. LEMBA.

Yomwe ndimaikonda kwambiri ine ndi yobisa liwu poyera, chifukwa yankho limakhala likukuyang'anani m'maso inu muli kalikiliki kulisaka kutali. "Khalani pansi mayi, mkatimo muli chakudya (5)". Ikumveka ngati mawu a pa ukwati eti? Lembani pansi mayi mosadumpha mpata, PANSIMAYI, kenako chotsani PA kutsogolo ndi YI kumapeto. Yatsala NSIMA. Mawu oti mkatimo muli ndi amene akukulozerani kuti fufuzani mkati, ndipo mu manyuzi anuwo ntchito imeneyi amagwira timawu ngati in, some, part of, timene maso amangotidumpha.

Chenjezo limodzi pa za Chingerezizo, anthu amenewa ali ndi nthabwala zawo zakalekale zomwe muyenera kungoziloweza. Mukaona flower musathamangire duwa, nthawi zina akutanthauza chinthu chomwe chimachita flow, ndiye kuti mtsinje. Wina atalemba kuti "Malawi's big flower (5)" yankho ndi SHIRE. Akati we hear ndiye kuti liwulo likungomveka mofanana ndi lina, akati back kapena returning liwerengeni chobwerera m'mbuyo. Yambani ndi ma anagram ndi obisika aja, zilembo zomwe mwapeza zikuthandizani pa mabokosi opingasa, ndipo gwiritsani pensulo. Koma geti muziyang'anakonso, tisamve kuti nthochi za abwana zapita inu muli pa 14 down, funso 14 la mabokosi otsika.

*Ankolo, amene anayambitsa zozunza anthuzi ndani? Bambo a kunyumba kuno akagwira nyuzi ndiwo zimachita kuzizira.*
Mayi wa ku Chitakale, Mulanje

Mayi, crossword yoyamba inatuluka mu nyuzi ya New York World mu Disembala 1913, anaipanga ndi Arthur Wynne, koma ija inali yachilungamo, funso ndi yankho basi. Ukathyali unayambira ku Britain. Mu 1926 nyuzi ya The Observer inayamba kusindikiza za Edward Powys Mathers, yemwe ankadzitcha Torquemada, dzina la mkulu wina wa ku Spain wa zaka za m'ma 1400 wotchuka ndi kuzunza anthu pa nkhani za chipembedzo, nde mutha kuona mtima wake unali wotani. The Times inayamba yake mu 1930. Mathers atamwalira mu 1939 mpando wake ku The Observer unapita kwa mphunzitsi Derrick Macnutt, wodzitcha Ximenes, ndipo iyeyu ndi amene anakhwimitsa malamulo oti wolemba anamize bwanji koma liwu lililonse mu funso likhale ndi ntchito yake. Za ndiwozo, vundikirani mudye, akapeza 1 across, yankho la funso loyamba, abwera okha.

*Ine ndi mphunzitsi wa Chichewa ndipo ndayesa kupangira ana anga a kalabu ya sukulu. Ndalemba kuti "Chomera chachitali chomwe chili ndi masamba ndi nthambi (6)", yankho MTENGO. Ili bwino? Komanso ng'ombe ndiwerenge zilembo zingati?*
Aphunzitsi, Luchenza

Aphunzitsi, ili bwino ngati crossword wamba koma cryptic ayi, mwapereka tanthauzo lokha, palibe pomwe mwana angapunthwe. Chomvetsa chisoni nchoti munagwira liwu lonona kwambiri nkulisiya osalikama. Mtengo ndi wa m'nkhalango, mtengonso ndi wa pamsika, pakamwa timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu koma pa pepala ndi zilembo zomwezo 6. Pamenepo pali mtundu wina wa funso, wa matanthauzo awiri ogundizana popanda kutakasa chilichonse. Yesani: "Mkungudza mwina, umakwera kwacha ikagwa (6)". Mbali yoyamba ndi mtengo wa pa phiri lathu la Mulanje, ndipo liwu loti mwina likuuza mwana kuti mkungudza ndi chitsanzo chabe, mbali yachiwiri aliyense wogula feteleza akuidziwa. Mwana ayamba kudabwa kuti mkungudza ukwera bwanji, ndipo kudabwako ndi komwe tikufuna.

Za ng'ombe, maganizo anga ndi oti kachizindikiro kaja kasakhale ndi bokosi lake, werengani 6, N, G, O, M, B, E. Koma samalani ndi ng'oma yoimba ndi ngoma nyama ya kutchire, m'mabokosi ziwirizi zifanana, nde tanthauzo lanu lizinena momveka kuti mukufuna iti.

Apatseni anawo iyi Lachisanu, ndi ya matanthauzo awiri ngati ya mtengo ija: "Kaduka m'boma la kumunsi kwa Shire (6)". Akayamba kutchula Chikwawa auzeni awerenge zilembo, apitirire kumwera.