Kodi a mu ndege amapatsidwa ya fanta?

Mayi wina wa ku Area 25 watilembera imelo. Akuti amayi awo akupita okha ku Washington kukaona mdzukulu, kudzera ku Addis Ababa, ndipo miyendo imawavuta moti adzafunika njinga yowakankhira pa bwalo la ndege. Funso lawo ndi ili: "Ndiwamangire zingati pa kansalu zoti azithokozera anthu m'njiramu? Nanga atsikana opereka chakudya mu ndege aja amapatsidwa kangachepe?"

Mayi, atsikanawo ayi, anyamata omwe ayi. Ntchito imene anawalembera ndi ya chitetezo: kutsegula zitseko pakagwa ngozi, kuzimitsa moto, kutsitsimutsa wokomoka. Zofunsa kuti "nkhuku kapena nsomba" zija ndi zongowonjezera. Makampani ambiri salola antchitowa kulandira ndalama, ndiye agogo akayamba kumasula mfundo ya chitenje ali m'mitambo, angomuika mwana wa eni pa mpanipani: akakana aoneka wamwano, akalandira waika ntchito pa chiswe. Ilipo kampani ya ku America, Frontier, imene makina ake olipirira zakumwa amafunsa ngati muwonjezerepo kena, koma agogo sakwera imeneyo pochoka kuno. Ngati mtima ukukanika kukhala chete, paketi ya chokoleti yosatsegula imalandiridwa bwino. Zitumbuwa za m'bigiri akazilandira ndi nsangala, koma sakadya.

Amene muyenera kumuganizira ndi wokankha njinga uja. Thandizolo ndi laulere, ndipo ku America lamulo la 1986 limakakamiza makampani a ndege kulipereka, kotero wina asawauze agogo kuti pali mtengo. Koma okankhawo malipiro awo ndi ochepa, ndipo chizolowezi cha kumeneko ndi kuwapatsa madola 5, kapena 10 ngati wawadutsitsa pa imigireshoni, wadikira nawo katundu mpaka kuwapereka m'manja mwa abale. Apereke pa mapeto. Chifukwa chake n'chakuti nthawi zina okankha amasinthana: wina amakutengani pa khomo la ndege, kukusiyani pa mzere, n'kubwera wina. Agogo akakhuthulira zonse woyambayo, wachiwiri, amene wanyamula masutikesi odzadza ufa ndi zitenje, angolandira "Mulungu akudalitse".

Njingayo muipemphe pogula tikiti, kapena pasanatsale maola 48 kuti anyamuke, ndipo ilembedwe pa ndege iliyonse ya ulendowo, kupita ndi kubwera. Muwauzenso ngati agogo amatha masitepe. Pa tikiti amalemba WCHR kwa amene amakwera masitepe koma satha mtunda wautali, WCHS kwa amene masitepe sawatha. Zimenezi n'zofunika ku Addis, kumene kawirikawiri anthu amatengedwa pa basi n'kukakwera ndege pa masitepe.

Pa kansalu paja mangani mapepala khumi a dola imodzi ndi anayi a madola 5, basi. Pepala la madola 100 palibe wonyamula katundu amene adzakhale ndi chenje chake, ndipo akadzati "thank you" n'kutembenuka, agogo sangamuthamangitse. Kwacha ikangodutsa chipata cha KIA, bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, yasanduka chikumbutso. Pobwerera, makobidi achitsulo a ku America asawapatse anyamata a pa bwalo lathu, poti mabanki ndi osintha ndalama salandira zitsulo. Amenewo apatseni kwacha yawo.

Wonyamula katundu ku America, madola 2 pa chikwama. Amene mumadzera ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Joni, ma rand 10 kapena 20 pa chikwama akwana, koma kwa wovala yunifolomu ndi chiphaso pa chifuwa, ndipo pasipoti isachoke m'manja mwanu. Mukakhala pansi mu lesitilanti ya pa bwalo ku America, wonjezerani 15 mpaka 20 peresenti pa bilu. Mukangogula khofi choimirira, makina akafunsa, kukana si tchimo.

Tsono ichi muwakhazike pansi agogo muwauze kawiri: wa imigireshoni, wa kasitomu ndi wosecha katundu sapatsidwa kanthu. Ngakhale amwetulire bwanji, ngakhale afanane ndi mwana wa achemwali awo. Mawu oti "ugule fanta mwanawe" pa windo limenelo amatchedwa ziphuphu, ndipo amathera m'kachipinda kam'mbali, mdzukulu akudikira panja ndi maluwa.

Woyendetsa ndege amakhuta ndi m'manja. Ikatera bwino, agogo awombe, kaya alulutire, palibe owaletsa.