Munagula boti, malo oimikapo si anu

Bambo, mwalemba kuti munagula boti logonamo ku London, wogulitsa anakuuzani kuti malo ake oimikapo pa marina (doko loimikapo maboti) ndi anu tsopano, koma eni marina akupatsani mwezi umodzi kuti muchoke. Msuweni wanu akuti palibe angakuchotseni popanda khoti. Iyeyo akuganiza za lendi ya nyumba ya pamtunda, ndipo ndatopa nawo malangizo a achibale oterewa, chifukwa ndi amene amachedwetsa anthu mpaka masiku kutha.

Milandu yotere ndaiona ikugwa pa pepala limodzi. Ku England pangano la malo oimika boti kawirikawiri limakhala "licence", chilolezo chabe, osati "tenancy" ngati ya mlendi wa nyumba. Chilolezocho chimalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, ndipo mapangano ambiri amanena kuti sangachipereke kwa wina eni marina asanavomere polemba. Wogulitsa uja atachoka, chilolezo chinapita naye. Anthu amathamangira kulipira boti, kalata ya eni marina osaiona, poti wogulitsa walumbira pakamwa. Lamulo loteteza alendi la Protection from Eviction Act la 1977 musalidalire kwambiri pa nkhani ya boti.

Ngati eni marina akhala akulandira ndalama zanu akudziwa kuti mumagona momwemo, mwina pali poyambira kupempha nthawi yowonjezera. Sindikulonjeza. Mlandu wolimbako ungakhale wosumira wogulitsayo, bola zimene ananenazo zikhale pa imelo, pa WhatsApp kapena pa chilengezo cha malonda. Musafufute kalikonse.

Pakadali pano musasiye kulipira chifukwa cha mkwiyo, mungawapatse chifukwa chenicheni. Pemphani kope la panganolo lero, muone ngati malowo ndi "residential" (okhalamo) kapena "leisure" (a maboti ongosangalalira). Okhalamo chaka chonse amafunika chilolezo cha khonsolo. Mukachoka osapeza malo ena, Canal & River Trust, bungwe loyang'anira ngalande ndi mitsinje yambiri ku England, lili ndi laisensi ya oyendayenda: pansi pa British Waterways Act ya 1995 simuima pamalo amodzi kupyola masiku 14, ndipo ulendo wanu uzikhala weniweni, osangosuntha pang'ono n'kubwerera. Adzafuna inshuwalansi ndi satifiketi ya chitetezo cha boti ya Boat Safety Scheme, yomwe imatha pa zaka 4. Boti lopanda laisensi angathe kulichotsa pamadzi. Tengani mapepala onse mupite ku bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice kapena muimbire bungwe lothandiza pa za nyumba la Shelter sabata ino, mwezi uja usanafike pakati.