Achimwene, musalowe nokha mu ofesi imeneyo

Achimwene, zoti abwana anu akukuitanani mukawauze amene akuyambitsa mkangano pakati pa kapitawo Wachiyuda ndi anyamata Achiarabu, kanani. Ndawerenga uthenga wanu thupi lonse kuchita tsembwe, chifukwa ine ndinapsa nazo zimenezi.

Ndinafika kuno ku Israel gulu loyamba lija la Amalawi 221 odzagwira ntchito m'mafamu la mu Novembala 2023 litangotsogola. Anandiika ku moshav ina, mudzi wa alimi, ku Negev kum'mwera kwa dzikoli, m'shedi yopakira tomato wamng'onomng'ono uja. A ku Thailand ambiri anali atabwerera kwawo, Apalestina a ku West Bank atawatsekera zitupa, ndiye tinalipo Amalawi asanu, a Thai ochepa, anyamata atatu Achibeduini, amene ndi Aarabu, a ku tauni ya Rahat, ndi kapitawo wathu, mayi Wachiyuda amene mwana wake anali ku nkhondo ku Gaza. Ntchito inkayenda. Pa Ramadan mu Malichi mayi yemweyo ankawalola anyamatawo kuweruka msanga. Koma pa nthawi yopuma aliyense ankaweramira foni yake, uyu nkhani za m'Chiheberi, awa za m'Chiarabu, palibe woyang'ana mnzake.

Zinaphulika pa 13 Meyi 2024, tsiku la Yom HaZikaron lokumbukira asilikali awo amene anafa, limene sayilini ikalira anthu amasiya zonse n'kuimirira chete. 11 koloko itakwana sayilini inalira, ya mphindi ziwiri, yolira mofanana, osati yokwera n'kutsika ngati ya mizinga ija. Ife palibe anatiuza, moti awiri mwa ife anali atayamba kale kuthamangira ku miklat, chipinda chobisalamo mizinga. Mnyamata wa forklift, mmodzi wa Abeduini aja, anali atakweza paleti m'mwamba, pansi pake mayi wina wa ku Thailand akumata makatoni. Akanaisiya ili lende? Anabwerera m'mbuyo pang'ono, makina akulira pii pii pii m'shedi muli zii, n'kutsitsa katunduyo, n'kuzimitsa injini. Kenako anangokhala pampando manja ali pa chiwongolero. Sanaimirire.

Sayilini itangotha, kapitawo ananyamula kireti yodzaza n'kuiponya. Tomato anaphwanyikira pa tayala, madzi ake kundithimbirira nsapato. Anakuwa mawu amodzi amene ndinali nditawadziwa kale a pa nkhani, mehabel, kutanthauza chigawenga. Mnyamata uja anatsika milomo ikunjenjemera, nati m'Chiheberi kuti ku Rahat nakonso anaika maliro. Ndipo sankanama. Pa 7 Okutobala 2023, tsiku limene a Hamas anaukira Israel, anthu anayi a banja limodzi la ku Rahat anagwidwa ku Kibbutz Holit n'kutengedwera ku Gaza, ndipo tsiku la sayilini lija bambo ndi mwana wake wamwamuna anali akadali ku Gaza. Mitembo yawo inadzapezeka mu Januwale 2025. Mayiyo ankadziwa zimenezi, koma pa ola limenelo sankamva kanthu.

Balabait, ndiye kuti bwana mwini famu, anaitana ine chifukwa Chingerezi changa chinkamveka. Tinali awiri basi, chitseko chotseka, iye akundithirira khofi koyamba chifikireni. Waona chiyani? Ndinanena zonse mwa ndondomeko yake: anatsitsa katundu kuti asapweteke munthu, anazimitsa, sanaimirire, mayi anaponya kireti. Munthu uja anatolapo mawu amodzi okha, akuti sanaimirire. Madzulo anamuuza mnyamatayo kuti asabwerenso, ndipo kwa anzake awiri aja anati ngakhale wa ku Africa wachitira umboni.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka khate. Anyamata amene ankandibweretsera buledi wa pita ndi labane, chambiko chawo cholimba, kuchokera kwa amayi awo, amene ankanditenga pa galimoto kupita ku Beersheba kukatumiza ndalama kumudzi, moni anasiya. Kapitawo naye atamva kuti ndatchula za kireti, anandichotsa pa ovataimu miyezi iwiri, ndipo mukudziwa nokha kuti kuno ndalama ya malata ili mu ovataimu. Kuthawa ndikanathawira kuti? Mwezi womwewo ndi umene Amalawi 12 anabwezedwa kumudzi chifukwa chochoka pa mafamu awo. Ndinangoluma mano.

Mayi uja sindimuda, ndinamupezapo kawiri akulira kuseri kwa cold room foni ili m'manja. Amene ndimamuda mpaka lero ndi bwanayo. Tsiku limeneli lili pa kalendala chaka chilichonse, iye anabadwira momwemo, ankadziwanso kuti patangopita masiku awiri, pa 15 Meyi, ndi tsiku la Nakba, limene Apalestina amakumbukira kuchotsedwa kwawo m'midzi yawo mu 1948. Chinamuvuta n'chiyani kutisonkhanitsa m'mawa n'kunena kuti isanakwane 11 makina onse azime, wofuna kuima aime, wosafuna akakhale panja mwakachetechete? Iye ankakonda kunena kuti kuno kulibe ndale, kuli tomato. Bodza lenileni. Ankaopa kapitawo wake, ankaopanso kutaya Abeduini chifukwa antchito anali osowa, ndiye anafuna mlendo woti amukwezere mlandu pamutu. M'dziko muno munthu mmodzi pa asanu alionse ndi Mwarabu, m'zipatala za ku Haifa ndi Beersheba madokotala Achiyuda ndi Achiarabu amagwira limodzi tsiku ndi tsiku, ndiye shedi ya anthu osakwana makumi awiri imukanike?

Ndiye inu mukawauze kuti munali kalikiliki ndi ntchito, simunaone kanthu. Inu ndi ine ndife mame kuno, mkanganowu unayamba agogo athu asanabadwe. Za Gaza musalembe pa status, mbali iliyonse, anthu achotsedwa ntchito ndipo ena amangidwa chifukwa cha zimenezo. Ndi ulaliki wa mtundu wosankhidwa uja musiye ku tchalitchi, wina wa ife anayesa pa tebulo la nkhomaliro, zinatha moipa.

Koma mukaona kuti wina akuchotsedwa ntchito pa bodza, musakhale chete, simudzagona tulo. Lankhulani, koma onse awiri ali pomwepo, chitseko chili chotsekula, ndipo zomwe mwanenazo muzitumizenso pa WhatsApp kwa abwanawo kuti asadzadule pakati. Ine ndikanatero mwina mnyamata uja akanamva yekha kuti ndinayambira pa paleti. Nambala yake ndikadali nayo, ndinamulembera pa Eid kumufotokozera zonse. Anawerenga, sanayankhe.